Zala Khumi za Wodwala Nambala 17

Msuweni wanga Mwaiwawo ndi namwino pa kiliniki ina ku Chegutu. Ngati munakabayitsako jakisoni kumeneko n'kutuluka mukutsimphina koma mukuseka, dziwani kuti anakubayani ndi iyeyo. Ine ndine Pitala, mwana wa amalume ake, ndipo ndimayendetsa kombi pakati pa Kadoma ndi Chegutu. Chiyambire tili ana ndimamutcha mkazi wanga, monga achitira asuweni, iye n'kumandiyankha kuti bola kukwatiwa ndi tayala lakutha, lija limakhalako pakhomo. Tonse tadutsa zaka makumi asanu, koma chipongwe chathu sichinamere imvi.

Anabadwira ku Eiffel Flats, m'komponi yakale ya pamgodi, m'nyumba za makoma opyapyala moti mnansi akatsokomola inu mumapepesa muli kwanu. Ndipo ankatsokomoladi azibambo a m'komponi muja. Mwana aliyense ankazindikira bambo ake ndi chifuwa asanatulukire pangodya. Bambo ake a Mwaiwawo, a Samueli Chimbalanga, anakwatira azakhali anga a Enesi, ndiye ine ndimawatcha amalume. Anachokera ku Dedza dziko lija likadali Nyasalande, nagwira ntchito yoboola miyala pansi pa nthaka, poyamba ku Chakari, kenako kwathu kuno, mpaka mgodi unawalavula mu 1994 ngati nzimbe yotha madzi. Kumudzi sanapiteko ngakhale kamodzi. Tikawafunsa ankangoti njira ndi yaitali, ife n'kumati ndi uchona basi, pajatu machona m'komponi munali mbwee.

Mwaiwawo ankafuna udokotala. Mutu anali nawo, ine ndine mboni, chifukwa masamu anga onse a ku pulayimale ankandilembera ndi iye. Koma chitupa chake chinatuluka chitalembedwa kuti ndi mlendo, munthu woti mchombo wake unagwera kuseri kwa nyumba ya komponi, ndipo zitseko zina zinkamutsekekera asanagogode n'komwe. Anayamba ndi kukolopa m'chipatala, kenako kusambitsa odwala, ndipo unamwino anauphunzira ali kale ntchembere ya ana awiri, Tanaka ndi Shylet, aja ukawalankhula Chichewa amakuyankha Chishona. Sindinamumvepo akudandaula. Koma ndinkaona mmene ankayang'anira dokotala akamalemba, ndipo zinkandimvetsa chisoni. Sindinamuuze, chifukwa akananditukwana.

Mu 2013 anayamba makope ake. Pakiliniki pankabwera madala a kumigodi, ena ochokera ku Chakari, ena a kwathu amene anatsatira ana awo ku Chegutu, onse ali wefuwefu pomwe angonyamuka pa benchi. Ankapatsidwa mankhwala a chifuwa chachikulu, kumaliza miyezi isanu ndi umodzi, makhololo n'kupezeka alibe kachilombo, koma phuma osatha. Mwaiwawo ankadziwa chimene chinali m'mapapo mwawo. Linali fumbi la miyala, lija ankalimeza poboola. Ndiye mdala aliyense wotere ankamukhazika pansi n'kumufunsa zaka zimene anagwira pansi, ngati poboola ankathira madzi kapena ayi, ndi mtunda umene angayende asanaime. Ankawagwira zala n'kuziyang'anitsitsa, chifukwa akuti mapapo akadwala nthawi yaitali nsonga za zala zimatupa. Ankawapemphanso makadi akale a kuchipatala cha pamgodi, aja madala amasunga m'sutikesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo, n'kuwajambula ndi foni.

Madalawo anakwana 43. Pofika chaka chatha, 19 anali atagona kumanda.

"Pitala," anandiuza tsiku lina atakhala kutsogolo kwa kombi, malo amene amakhala osapempha, "anthu awa akutha ngati sopo, ndipo palibe pomwe palembedwa chimene chikuwadya. Pa chikalata cha imfa amangoti chibayo. Ine ndikufuna zilembedwe m'magazini imene amawerenga madokotala. Ndipo ndikufuna ababa akhalemo, akadali ndi moyo."

Amalume anali nambala 17 m'kope. Azakhali anali atatisiya kale mu 2009, ndipo mdalayo ankakhala ndi mpongozi wake, mkazi wa mwana wake wamwamuna, m'nyumba yomwe ija. Phuma lawo linali litafika poti kuchoka pakhomo kupita kuchimbudzi ankapumira kawiri. Mwaiwawo sankabisa kuti ntchito yonseyi ankathamangira iwowo.

Chinkamugwira miyendo ndi Chizungu. Cha m'wodi amachidziwa, chouza wodwala kuti vulani malaya, pumani kwambiri. Koma cha m'magazini aja ndi china, ndipo makope anagona m'katoni zaka zambirimbiri. Anawatulutsa ndi dokotala wachitsikana dzina lake Chenai, Mshona wa ku Harare, amene ankabwera pakilinikipo Lachiwiri lililonse. Atawerenga makope awiri anavula magalasi nati, "Sisita, makorokoza akuthyoka misana kufunafuna golide kumtsinje, inu mwamusunga m'katoni." Anamuthandiza kupempha chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku, madala amoyo anasaina kuti alola, ndipo ndi dokotalayo amene anamuonetsa makina aja a nzeru zochita kupanga, amene ana amangoti AI. Umalemba funso pa kompyuta kapena pa foni, iwo n'kukuyankha ngati munthu. Ukawapatsa mfundo zako m'Chizungu chothyokathyoka, amazibweza zitavala suti.

Dokotala anamuchenjeza kuti asalowetsemo dzina la wodwala aliyense, koma manambala okha, ndipo pa zithunzi za makadi aphimbe mayina. Anatinso m'pepala la kafukufukulo adzayenera kuulula kuti makina anathandiza kulemba. "Koma pa mayina a olemba sakhalapo," anatero. "Mukapezeka bodza, oyankha mlandu ndi inu ndi ine. Makina sapita kubwalo."

Loweruka masana Mwaiwawo ankayala makope patebulo m'nyumba yake ku Chinengundu, dera la mu Chegutu momwemo. Ine ndinkaima kudzadya sadza, nsima ya kuno, n'kumamupeza akulankhula ndi kompyuta. Milungu yoyambirira anali m'chikondi. Anandiwerengera ndime yoyamba maso ali nyezinyezi.

"Tamvera, mwamuna wabodza iwe. Ndi mfundo zanga izi? Ndi ine ameneyu?"

Ine sindinatolepo kanthu, koma zinkamveka ngati nkhani za pa wailesi, ndipo ndinamuombera m'manja ndi sadza kudzanja.

Chikondicho chinazirala pamene anawapempha makinawo kuti amutchulire madokotala ena amene analembapo za fumbi la m'migodi. Anamupatsa mapepala asanu ndi atatu, mayina, zaka, masamba, zonse zili m'malo mwake. Dokotala Chenai atafufuza, atatu mwa mapepalawo kunalibe padziko lonse lapansi. Makina anangowapeka. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinati awa ndi anzanga a pa renki ya makombi, aja amakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi kombi ili mbee. Mwaiwawo sanaseke. Anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kuyambira tsiku limenelo chiganizo chilichonse ankachitembenuza kaye asanachilole.

Amalume atamva za makinawa anawapatsa dzina. Anati ameneyo ndi mabalani, monga ankatchulira kalaliki wa pamgodi m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumigodi. "Mabalani amalemba bwino," anatero, "koma sanatsikepo pansi."

Mu Meyi, mabalani anachita chimene palibe anachiyembekezera. Mwaiwawo anali atalowetsa zithunzi za makadi akale ndi zolemba za m'makope ake, mdala aliyense ndi nambala yake, n'kuwauza makina kuti aone ngati pali zosemphana. Anapeza tizolakwika, apa chaka chalumphidwa, apo tsiku lalembedwa kawiri. Kenako anafika pa nambala 17. Anati khadi la 1959 likunena kuti munthuyu anaduka zala ziwiri za kudzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, pa ngozi ya pansi. Koma zolemba za namwino za 2024 zikuti nsonga za zala zonse khumi ndi zotupa. Mwina awa ndi anthu awiri osiyana, anatero makina, ndipo ndi bwino nambala 17 achotsedwe. Anamulemberatu ndi chiganizo chake chaulemu, choti wodwala mmodzi wachotsedwa chifukwa zolembedwa zake sizikugwirizana.

Anandiimbira foni ndili pa renki ku Kadoma.

"Chinthu ichi chapenga, Pitala. Chikuti ababa ndi anthu awiri."

"Si chija chinapeka madokotala atatu? Lero chapeka zala. Chizimitse."

Koma anali atakulitsa kale chithunzi cha khadilo. Makadi a madala ena onse anawawerenga mzere ndi mzere, koma la bambo ake anangolijambula, pajatu munthu suwerenga mbiri ya amene anakulera. Mawu analipo, inki itafiira ndi ukalamba, ndipo pambali panali kadzanja kojambula ndi cholembera, zala ziwiri zitadulidwa ndi mzere. Ulendo uno makina sananame. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinapita ku Eiffel Flats. Tinawapeza amalume ali okha, atakhala pampando wawo padzuwa, chipewa pabondo.

"Afika akamwini abodza," anatero atandiona, kenako anatsokomola mpaka misozi.

Mwaiwawo anagwada pambali pawo nawagwira dzanja lamanja monga achitira pakiliniki. Analitembenuza uku ndi uku. Zala zisanu, zokhakhala, zonse zilipo.

"Ababa, mabalani akuti munaduka zala ziwiri mu 1959."

Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulilowetsa m'thumba la jekete, ndipo anayang'ana kumsewu nthawi yaitali moti ine ndinayamba kuwerenga nkhuku za aneba.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi," anatero potsiriza. "Azungu, makapitawo, apolisi, a boma latsopano, palibe anawerenga zala zanga. Lero waziwerenga mabalani wopanda maso."

Ankayankhula mopumira, mawu asanu, kupuma, mawu asanu, ndiye zina ndifotokoza ine. Samueli anali mkulu wawo. Ndi iye amene anabwera kuno mu 1955, ndipo ndi iye amene anaduka zala. Atavulala anachoka pamgodi n'kukalowa ganyu pa pulazi ya mzungu pafupi ndi Chegutu, nthawi imeneyo ikutchedwa Hartley, ndipo makalata opita kumudzi anasiya. Mu 1962 amayi awo anatuma wamng'ono, wa zaka 18, kuti akamutenge mkulu wake. Anayenda wapansi kudzera ku Tete, wopanda pepala lililonse. Anamupezadi Samueli, koma ali pamphasa, ndipo patatha milungu itatu anamuika m'manda m'mphepete mwa munda wa chimanga, mvula ikugwa.

"Anthu akwathu amene anandithandiza kukumba anati, mnyamata, wopanda chitupa amagona kupolisi. Tenga cha mkulu wako, iye sakuchifunanso. Ambiri ankatero. Ndinapita ku Chakari kumene sankamudziwa. Mabalani wa pamgodipo anafunsa, ubani gama ka wena, dzina lako ndani. Ndinati Samueli. Dzanja lili m'thumba. Iye maso ali papepala."

"Nanga dzina lanu?" anafunsa Mwaiwawo.

"Filimoni."

Analitchula ngati dzina la munthu amene anangokumana naye m'basi.

"Agogo munawauza?"

"Ndikanawauza bwanji, mwanawe? Makalata ankatilembera munthu wa m'komponi, ndipo m'komponi ndinali Samueli. Kunena kuti Samueli wafa kunali kudzigwiritsa ndekha. Komanso amayi anandituma kukatenga munthu. Ine ndiwatumizire manda?"

Ndiye kalata yoyamba inati, ndine Samueli, ndili bwino, ndapeza ntchito ku Chakari, koma Filimoni sanafike kuno. Ankati adzakonza chaka chamawa. Chaka chamawa sichinafike. Kalata iliyonse yochokera ku Dedza inkatha ndi mawu omwewo, akuti funsafunsa za mng'ono wako, mwina anapitirira ku Joni. Iwo n'kumayankha kuti ndikufunsa. Ankatumiza mabulangete ndi nsalu, Samueli nakhala mwana wabwino, Filimoni nakhala wotayika. Mu 1970 kalata inabwera yoti kumudzi atopa kudikira, alira maliro a Filimoni ndipo ameta. Mu 1979 amayi awo anamwalira. Kupita kumudzi sikunatheke, chifukwa kumeneko nkhope yawo ankaidziwa.

"Nanga amayi anga ankadziwa?"

"Enesi anakwatiwa ndi Samueli. Anamwalira ali mkazi wa Samueli."

Mwaiwawo anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akulira, kulira kosakaniza ndi mkwiyo. Inenso ndinakwiya, chifukwa awo anali azakhali anga, koma ndinasowa woti ndimukwiyire. Kodi ndikwiyire mnyamata wa zaka 18 amene anaima pamanda mvula ikumuvumba? Ndinangoti, "Amalume, mumwa tiyi?" Mawu opusa, koma ena panalibe.

Pobwerera tinayenda mpaka nyumba za Chegutu zinayamba kuoneka. Apo Mwaiwawo anati, "Ndalemba mbiri ya madala 43, wanga yemwe osamudziwa."

Lachiwiri anamufotokozera Dokotala Chenai. Chitupa chinkati nambala 17 ali ndi zaka 89 ndipo anayamba kutsika pansi mu 1955. Zoona zake anali ndi zaka 81, ndipo fumbi analimeza zaka 31, kuyambira 1963. Pepala lonse linkaima pa funso loti munthu wameza fumbi zaka zingati ndipo mapapo awonongeka motani, ndiye manambala abodza sakanakhalamo.

"Njira yapafupi ndi imene makina anena," anatero dokotala. "Achotseni, palibe adzafunse. Njira ina ndi kulemba zaka zoona, kuulula mmene tazidziwira, ndipo sekuru, bambo anuwo, asainenso chilolezo podziwa zimene tikulemba. Akuluakulu ounika mapepala akhoza kukwinya nkhope. Komanso mudzayenera kubwerera kwa madala onse amoyo, chifukwa ngati mmodzi anatero, sali yekha."

Mwaiwawo anasankha njira yaitali. Walira mvula walira matope. Anayenda khomo ndi khomo, Chinengundu, Chakari, Eiffel Flats, kufunsa madala funso limene palibe anawafunsapo, ndipo ankayamba ndi kunena za bambo ake kuti asaope. Atatu ena anavomera kuti anagwirira ntchito chitupa cha mbale. Za akufa sizikanadziwikanso, ndipo pepala linayenera kuvomereza zimenezo. Ndime imeneyo anailemba yekha ndi cholembera, makina n'kungowongola Chizungu. Iwo anayesa kuisalaza, akuti panali kusiyana pang'ono m'zolembedwa. Anakana. Anati kuvala dzina la wakufa si kusiyana pang'ono, ndipo anabwezeretsa mawu ake.

Amene anakana kusaina anali amalume.

"Akamva a boma andilanda chitupa ndi kapenshoni kanga komwe," anatero. "Ndipo Samueli ndamusunga wamoyo zaka zonsezi. Ndimuphe lero chifukwa cha magazini?"

Mwaiwawo anawauza kuti m'magazini simulembedwa mayina, koma sanakhulupirire. Anati pepala lopanda dzina sanalionepo chibadwire. Juni anabwera ndi chisanu chake, phuma linakula, ndipo Dokotala Chenai analandira kalata yoti kumapeto kwa Julayi asamukira kuchigawo china. Pepala linayenera kupita asanachoke, ndi nambala 17 kapena popanda iye.

Apa ndi pomwe ine ndinapereka nzeru zanga za pa renki. Ndinati, "Mkazi wanga, ungosiya 89 yomweyo. Chilolezo choyamba chija anasaina kale. Ndani adzakwere ndege kudzawerenga zala ku Eiffel Flats?"

Anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi.

"Mapapo amene ndawamvetsera zaka zonsezi si a Samueli," anatero. "Ndikalemba 89 ndiye kuti ababa ndawakwiriranso. Ndikawachotsa, ndalemba kuti sanafike kuno, monga kalata ija. Usandiuzenso zimenezo."

Sindinamuuzenso. Iyenso anasiya kuwakakamiza amalume. Lamulungu lililonse ankangopita, kuwawenga zikhadabo, kuwamvetsera m'chifuwa, n'kukhala nawo padzuwa. Nthawi zina ankawafunsa za ku Dedza, ndipo kwa nthawi yoyamba ankayankha: za phiri limene limaoneka ukatuluka m'nyumba, za mbatata za kudimba, za amayi awo amene anali ndi mpata m'mano. Iye ankamvetsera ngati akumwa madzi. Pobwerera ndinkadziwa kuti akulakalaka agogo amene sanawaonepo ndi bambo amene anangowapeza atatsala pang'ono kupita.

Lamulungu lomaliza la Julayi amalume anatuma uthenga kuti tibwere tonse awiri. Tinawapeza atameta ndevu, atavala jekete ndi tayi ya pa ukwati wa Shylet.

"Mwai, tulutsa pepala lako," anatero. "Mpweya ndikuumva, watsala wochepa. Pamanda mudzalemba Samueli, chifukwa chikalata chidzatero. Ndiye penapake palembedwe Filimoni. Chitupa akafuna atenge. Lemba m'magazini yakoyo ndi zilembo zazikulu, madokotala a ku Malawi akawerenge. Mwina wina ndi wa ku Dedza."

Mwaiwawo anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwayankha.

"Ababa, ndinakuuzani zoona. Lamulo sililola dzina la wodwala m'magazini. Mudzakhala nambala 17, mwamuna, wa zaka 81, amene anagwira pansi zaka 31."

Ulendo uno anakhulupirira. Nkhope yawo inagwa, ndipo mtima wanga unapweteka, chifukwa munthu anali atavalira tayi.

"Nambala," anatero. "Pamgodinso ndinali nambala."

"Koma zakazo ndi zanu, ababa. 81 si ya munthu wina aliyense. Ndipo pepala ili la chilolezo limafuna dzina lenileni. Silipita kwa anthu, limasungidwa m'kabati yokhoma, koma limasungidwa."

Amalume anatambasula dzanja. Mwaiwawo anaika pepala pa thireyi ya tiyi n'kuwapatsa cholembera. Dzanja linapita lokha n'kulemba chiyambi cha dzina lija analizolowera. Anadzudzula dzanja lawo ngati mwana wosamva. Mwaiwawo anali atabweretsa mapepala atatu, pajatu odwala ake amawadziwa. Anawalembera dzinalo ndi zilembo zazikulu kuseri kwa kalendala kuti azionera, ndipo anakopera chilembo chimodzichimodzi, kupumira pakati, lilime lili panja. Atamaliza analiyang'ana nthawi yaitali.

Pepala la kafukufuku linatumizidwa Lachinayi lotsatira, dzina la Mwaiwawo lili patsogolo, la dokotala pambuyo, ndipo nambala 17 alimo. Yankho tikudikirabe, ndipo amalume akadali pampando wawo, ngakhale tsopano amawanyamula kupita padzuwa. Koma tsiku lija tisananyamuke, Mwaiwawo akulongedza mapepala m'chikwama, mdalayo analankhulanso.

"Kulemba ndalemba. Koma chindiitanireni amayi pa mphambano tsiku lonyamuka, palibe anandiitanapo. Tandiitana, Mwai."

Mwaiwawo anatsegula pakamwa. Kwathu mwana saitana bambo ake ndi dzina, ngakhale akhale namwino wa imvi. Anayesa, koma mawu anakana.

"Ababa, sindingathe. Pepani."

Amalume anatembenukira kwa ine. Ine amene ndimakuwa tsiku lonse pa renki mpaka a ku Chakari kumva, ndinayesa nanenso. Chimene chinatuluka ndi "amalume" basi. Anzawo amene akanawaitana onse anali kumanda, ndipo akanakhalapo akanaitana Samueli.

"Nanga mabalani?" anafunsa. "Uja alibe mwambo."

Mwaiwawo anatulutsa foni. Makina aja amathanso kulankhula ukawauza. Lamulo loletsa kulowetsa mayina lija la dokotala anali asanaliswepo, koma mwini dzina ndi amene ankapempha. Analemba, misozi ikugwera pagalasi, n'kuyandikiza foni kukhutu kwawo. Mawu anali a mkazi, osalala, a munthu woti ku Dedza sanafikeko.

"Filimoni."

Amalume anawongoka pampando.

"Wawa," anayankha, monga ayankhira mwana akaitanidwa ali kosewera.

Palibe anayang'ana mnzake. Iwo anatseka maso, mpweya ukulira m'chifuwa, ndipo anagwira dzanja la mwana wawo limene linali ndi foni kuti asalichotse.

"Muuze aitanenso," anatero. "Mokweza pang'ono, ngati ndili patali."